Kusamutsa Khonde la a Mtambalika

Mu Limbe, kuseri kwa msewu wa mabasi, muli sitolo ina ya nsalu imene pakhonde pake pamakhala telala wachikulire, a Jafali. Pambali pa makina awo osokera pali kachitseko kobiriwira, ndipo ukakatsegula umapeza masitepe a matabwa okwera pamwamba. Zimene ndikuuzenizi zinachitikira pamwamba pamenepo. Senderani pafupi, chifukwa mwini nkhaniyi ndi munthu wolankhula motsitsa, ndipo nkhani yake nayo sifuna kukuwa.

Dzina lake ndi Mwandida. Anachokera ku Chiradzulu atangolemba mayeso a Fomu 4, n'kupeza ntchito yotaipa makalata mu ofesi ya a Wyson Mtambalika, bambo amene ankapangira anthu mawebusayiti. Mu ofesimo munalinso Fatsani, amene ntchito yake inali kuthamanga ndi makasitomala. Pakamwa pa Fatsani pankapuma pokhapokha akamatafuna.

Mwandida anali wamanyazi moti munthu akamufunsa funso ankayankha kiyibodi. Koma a Mtambalika anaona kuti iwo akamagwira ntchito, mtsikanayo amaba ndi diso. Sanamufunse kanthu. Anangopotoza sikirini yawo pang'ono kuti iyang'ane kwa iye. Mawa lake anaipotozanso pang'ono. Mmene chaka chimatha, mpando wa Mwandida unali utafika pambali pa wawo, ndipo palibe amene anganene tsiku limene unasuntha. Akalakwitsa sankamudzudzula pali anthu. Ankangomusiyira kamzere m'kati mwa ntchitoyo: "Apa taonaponso, mwana wanga."

Bambowa anali ndi kamangidwe kawokawo. Webusayiti imakhala ndi mafayilo ambirimbiri, ndipo mafayilowo amasungidwa m'mafoda monga katundu m'zipinda. Anthu ambiri mafodawo amawapatsa mayina a Chingerezi. A Mtambalika ankawayala ngati pakhomo pa munthu. Masamba amene alendo amaona ankakhala mu foda yotchedwa bwalo. Zithunzi ndi mawu ojambulidwa ankaziika mu nkhokwe. Zofunika kubisa zinali kuchipinda. Ndipo tinthu tongoyeserera, tosamalizidwa, ankatisiya pa khonde.

"Pakhonde ndi pamene chinthu chimayamba chakhala chisanadziwe kolowera," ankatero.

Anamwalira m'dzinja atangodwala pang'ono, ndipo anakaikidwa kwawo ku Ntcheu. Ofesi sinatsekedwe. Fatsani anapitiriza kuthamanga, Mwandida anatenga ntchito yonse ya pa kompyuta. Tebulo la malemu analisiya mmene linalili: kompyuta yozulidwa ku magetsi, kapu yachitsulo yovundikira, kabotolo ka mafuta a bulugamu amene ankapaka pachifuwa kukazizira, ndi mpando umene unkalira kuti kwii munthu akamakhala, kwii akamadzuka. Palibe ankakhalapo.

Webusayiti yaikulu imene ankaisamalira inali ya bungwe la alimi a njuchi. Inamangidwa pa chimene amisiri a ntchitoyi amachitcha fulemuweki, ndiye kuti nsanamira ndi phaso zimene anthu ena anakonza kale, iwe n'kumangomangirapo makoma ako. Mvula itasiya, eni fulemuwekiyo analengeza kuti yakale aisiya, aliyense asamukire ku yatsopano. Yatsopanoyo inali ndi malamulo ake. Inkafuna foda iliyonse pamalo pake, ndi dzina limene iyo ikulidziwa. Bwalo sinkalidziwa, nkhokwe sinkaidziwa.

Mwandida anawerenga malangizo mpaka anawamvetsa, ndipo Lachisanu lina masana anasamutsa zonse ulendo umodzi. Za m'bwalo zinapita uku, za m'nkhokwe uko. Atafika pa khonde anasuzumira m'kope la webusayitiyo limene linali pa laputopu yake, naona tinthu takale topanda ntchito. Malangizo ankati zosafunika zichotsedwe. Anafufuta. Kenako anatumiza dongosolo latsopanolo ku seva, kompyuta yakutali imene webusayiti imagonamo, ndipo mafoda akale onse anasesedwa. Webusayiti inayamba kutseguka msanga kuposa kale.

"Eee, chemwali! Madala akanaona izi akanakupatsa mpando wawo," anatero Fatsani, n'kutsika kukamugulira Fanta. Mwandida anamwa akumwetulira m'botolo.

Patapita masabata angapo, masitepe analira pang'onopang'ono, ngati akukwera munthu wopumira panjira. Anali a Nachisale, akazi awo a malemu, atanyamula nthochi m'kajumbo ndi foni yokulunga m'kansalu.

"Pepani ana anga, ndakusokonezani pa ntchito. Ndinkayesa ndi bandulo, ndagula ina. Ndinkayesa ndi netiweki, ndayenda mpaka kumsewu. Koma bambo anu sakuyankhula."

A Nachisale anatambasula kansalu kaja, n'kuwaonetsa kachizindikiro ka pa foni. Anafotokoza kuti chaka chimene a Mtambalika ankakonza zoti alimi osatha kuwerenga azimvera malangizo a njuchi pa webusayiti, anayesa ntchitoyo ndi mawu awoawo. Madzulo ake anafika kunyumba akuseka, n'kuika kachizindikiroko pa foni ya akazi awo kuti amve.

"Amati chiyani, amayi?" anafunsa Mwandida motsitsa.

A Nachisale anatsinzina, nanena mawuwo mmene munthu amanenera pemphero loloweza: "Kuyesa, kuyesa. Nachisale, mukundimva? Ndichedwa pang'ono lero, koma ndikubwera. Musatseke chitseko." Anatsegula maso. "Basi, ndi omwewo. Chimwalirireni, dzuwa likamalowa ndimakhala pakhonde n'kudina. Ndikamva, ndimasiya chitseko chotsegula mpaka tulo tindipeze. Ndikudziwa kuti anthu angandiseke, mwana wanga. Koma mawu awo amene ndatsala nawo ndi okhawo."

Anadina. Foni inaonetsa tsamba loyera, pakati pake nambala 404, imene imatanthauza kuti pamene wagogodapo palibe kanthu.

Mwandida anayang'ana njira imene kachizindikiroko kankalondola. Inkathera pa khonde.

"Ndiyesetsa, amayi." Ndi zokhazo zimene zinatuluka.

Mayiwo atapita, Mwandida anafufuza paliponse. M'kope la pa laputopu yake munalibe, chifukwa a Mtambalika anali atapatula kangodya kamodzi ka khondelo kuti kasamakopedwe. Kankangokhala pa seva pokha. N'chifukwa chake sanakaone pofufuta. Fatsani anaimbira eni seva. Anamuuza kuti zofufutidwa amazisunga masiku ochepa chabe, ndipo masikuwo anali atadutsa. A Nachisale anali atachedwa kubwera poopa kuvutitsa ana. Mwandida anayatsa ngakhale kompyuta ya malemu, naiyendera foda ndi foda. Munalibe. Anaizimitsa n'kuizulanso ku magetsi.

Nthochi zija zinapsa mpaka kuda pawindo. Mwandida sanathe kudyako ngakhale imodzi.

Chachilendo choyamba chinali chaching'ono. M'mawa wina atalowa mu seva anapeza kuti pakati pa mafoda atsopano a mayina a Chingerezi pali foda ina: khonde. Anaitsegula. Munalibe kanthu. Anaganiza kuti mwina anaipanga yekha pofufuza n'kuiwala, ndiye anaichotsa. M'mawa mwake inalipo.

"Achimwene, mwalowa mu seva?"

"Ine? Ine ndi seva tinadana kalekale. Pasiwedi ya foni yanga yomwe ndimafunsa mkazi wanga."

Anaichotsanso. Inabwereranso, yopanda kanthu, ngati munthu wasesa malo n'kuima pambali.

Kenako inayamba kapu. Tsiku lina anaipeza yavundukuka. Tsiku lina inali pawindo, pamene a Mtambalika ankaiika tiyi akatentha kwambiri. Fatsani anati ndi makoswe a ku sitolo ya pansi, onenepa ndi nsalu. Mwandida sanafunse kuti ndi khoswe wanji amene amanyamula kapu osaigwetsa. Anangoitsuka n'kuibwezera pamalo pake. Koma anaona kuti kuyambira tsiku limenelo Fatsani ankapeza chifukwa chotulukira dzuwa lisanapendeke, ndipo potuluka ankalambalala tebulo lija ngati pali munthu wotambasula miyendo.

Mwandida ankatsalira, akuyesa njira zina zopezera fayiloyo ngakhale ankadziwa kuti palibe. Dzuwa likapendekera ku Soche, oitanira mabasi akamakuwa za Bangwe ndi Machinjiri, mu ofesimo munkagwa bata lachilendo. Phokoso la kunja linkamveka ngati lili kutsidya la mtsinje. Nthawi imeneyo mpando uja unkalira. Kwii. Kanthawi pang'ono, kwii. Mwandida sankacheuka. Ankachita mantha, koma chimene chinkamudabwitsa n'chakuti manthawo ankabwera ndi chisoni. Kuliraku sikunali kwa munthu wokhala kuti apume. Kunali kwa munthu wokhala n'kudzukanso, posapeza chimene wadzera.

Seva iliyonse ili ndi logi, pamene imalemba aliyense wogogoda, nthawi imene wagogoda ndi chimene amafuna. Madzulo ena Mwandida anaitsegula. Tsiku lililonse, dzuwa likamalowa, wina ankagogoda. Ankayamba pa bwalo, n'kulandira 404. Ankapita ku nkhokwe, 404. Kuchipinda, chimodzimodzi. Pomaliza ankafika pa khonde, ndipo pamenepo ankagogoda mobwereza. Poyamba anaganiza kuti ndi a Nachisale. Koma foni ya mayiwo inkadziwa njira imodzi yokha, pamene uyu ankazungulira pakhomo ponse. Ndipo pambali pa mzere uliwonse panali dzina la wolowayo: wyson.

Anayang'ana kompyuta ya malemu. Chingwe chake chinali pansi, chopindidwa mmene anachisiyira.

Tsiku limenelo anatseka msanga. Potsika anapeza a Jafali asanalongedze. Anali atangokhala, manja ali pa makina.

"Mwana wanga, kodi pamwambapa mukusamuka?"

"Ayi, bambo. Bwanji?"

"Dzulo nthawi ngati ino ndimalowetsa ulusi m'singano. Maso angawa ukuwadziwa, ndinali nditaweramira pomwepa. Ndiye munthu anaima apa n'kufunsa kuti, 'A Jafali, kodi apamwambawa anasamuka? Ndikumafika, koma sindikupeza pokhala.' Ine osadzutsa mutu ndinati, 'Alipo, kwerani.' Ulusi utalowa m'pamene ndinazindikira kuti masitepe sanalire. Munthu ameneyo ndamusokera mathalauza zaka zambiri. Mawu ake sindingawasokoneze ndi a wina."

Loweruka Mwandida anapempha Fatsani kuti amuperekeze ku Chilomoni, kunyumba kwa a Nachisale. Anaona kuti sangapitirize kuwasunga mayiwo ndi chiyembekezo chabodza. Mayiwo anawayalira mphasa pakhonde. Mwandida anayang'ana mphasayo n'kufotokoza zonse: za fulemuweki, za kusamutsa, za kufufuta. Mawu ankatuluka ngati ndowa yokoka m'chitsime chakuya.

"Ndine ndinafufuta, amayi. Mawu aja sabwereranso."

Ananenanso za kapu, za mpando, za logi ndi za a Jafali, chifukwa atayamba sanathe kusiya.

A Nachisale sanakalipe. Anasendera pafupi n'kumuchotsa kaulusi kamene kanamata pa phewa. "Ine chibwerere kwanu kuja sindinadinenso. Tsamba loyera lija limandipweteka. Foni ili m'sutikesi. Koma ndifunse, mwana wanga. Posamutsa zinthu zawozo, munawauza?"

"Kuuza ndani, amayi?"

"Eni ake."

Fatsani anavula chipewa n'kuyamba kuchipinda m'manja. "Amayi, mukunena zija za pa Zalewa?" Anatembenukira kwa Mwandida. "Iwe unakwera basi ya akwaya, sunaone. Ine ndinali mu lole ya bokosi. Titafika pa mlatho wa Zalewa, lole inazima. Dalaivala anayesa, anayesa. Mafuta alimo, batire ili bwino. Tinakankha mpaka thukuta kamukamu. Ndiye amalume awo a madala anakwera kumbuyo, anagwada pa bokosi, n'kunena ngati akudzutsa munthu wogona kuti, 'Wyson, tanyamuka ku Blantyre osakuuza, talakwa. Pano ndi pa Zalewa, tikuwoloka Shire. Tikupita kwanu. Tiye.' Chemwali, kungokhudza kiyi, lole inalira. Kuchokera pamenepo amalume aja ankatchula paliponse. Pano pa Phalula. Pano pa Chingeni. Mpaka kumanda. Ine amene ndimalongololane ndinafika ku Ntcheu osatsegula pakamwa."

"Bambo anu sanali ovuta," anatero a Nachisale. "Koma ngakhale ali moyo, ukasuntha mpando wawo osawauza ankaima pakati pa nyumba ngati mlendo. Wotisiya saona zinthu mmene tikuzionera ife. Amayenda njira imene anaizolowera. Ukaisintha, umamuuza."

Potsanzikana a Nachisale anamupatsa Mwandida mapeyala awiri. "Awa udye," anatero, ngati anaona zimene zinachitikira nthochi zija.

Kwa Mwandida, kulankhula mokweza m'chipinda kunali kovuta kuposa fulemuweki iliyonse. Komabe Lolemba anayamba. Choyamba anamanganso pakhomo pakale pa seva, kuchokera m'kope lina lakale limene linatsala pa laputopu yake: bwalo, nkhokwe, kuchipinda, chilichonse pamalo pamene eni ake anachisiya. Dzuwa litapendeka magetsi anazima, monga amachitira, ndipo anapitiriza ndi moto wa laputopu ndi intaneti ya pa foni. Tsiku limenelo Fatsani sanapeze chifukwa chotulukira. Anatsuka kapu ija, anathiramo tiyi wa m'fulasiki, shuga wambiri mmene malemu ankakondera, naiika pawindo. Kenako anaima pafupi ndi chitseko, chipewa m'manja.

Bata lija linagwa.

Mwandida anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndiye anachita chimene anachiphunzira kwa iwo omwe. Anapotoza laputopu pang'ono kuti iyang'ane ku mpando wopanda munthu uja.

"Bambo," anatero, "ndine Mwandida. Tinasamuka osakuuzani, tinalakwa. Nsanamira zakale zija eni ake asiya kuzisamalira, sitikanakhalamo. Tiyeni ndikuonetseni kwatsopano."

Kwii.

Anadikira kulira kwachiwiri. Sikunabwere.

"Ili ndi bwalo lanu. Ndikulinyamula. Tsopano lizikhala umu." Anasamutsa, ndipo pa njira yakale anasiyapo cholozera, kamzere kouza aliyense wogogoda pakhomo lakale kuti eni ake anasamukira uku, n'kumuperekeza mpaka komweko. Malangizo aja ankanena za zolozerazi, koma Lachisanu lija anaziona zosafunika, poti alimi onse amalowera kutsogolo. Sanaganize za amene amalowera njira zakale.

"Iyi ndi nkhokwe. Zithunzi za ming'oma, mawu a malangizo a alimi, zonse zilimo, sindinataye. Zapita umu."

Mawu ake, amene poyamba ankanjenjemera, anayamba kukhazikika. Anatchula foda iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono, kumene ikuchokera ndi kumene ikupita, ngati amalume aja pa msewu wa ku Ntcheu. Pena ankafotokoza chifukwa chake, mmene iwo ankachitira pomuphunzitsa. Pena ankaima kaye, ngati munthu wodikira mnzake woyenda pang'onopang'ono. M'chipindamo munayamba kumveka kafungo ka bulugamu. Kabotolo kaja kanali kotseka.

Linatsala khonde. Fulemuweki yatsopano inalibe malo a khonde. Mwandida anatsegula foda ya zinthu zoonekera kwa alendo, napanga kafoda m'kati mwake, nakapatsa dzina lakale lomwelo, lokhalokha la Chichewa pakati pa mayina achilendo. Anaikanso cholozera.

"Khonde lanu ndinagwetsa, bambo. Sindinadziwe kuti munasiyapo mawu a amayi. Ndamanga lina, ndi ili, ndipo njira yake ndi iyi. Koma ndi lopanda kanthu. Zimene zinalipo ine sindingathe kuzibweza." Msozi unagwera pa kiyibodi, naupukuta ndi chala. "Amayi akudikira."

Palibe chinayankha. Kunja oitanira mabasi ankamveka patali.

"Tiye titsike," ananong'oneza Fatsani. "Munthu akamayendera nyumba yatsopano sumuima pamsana." Atatuluka anatulutsa kiyi m'thumba. Mwandida anamugwira dzanja.

"Musatseke."

"Mu Limbe muno, chemwali? Laputopu ili pa tebulo?"

"Musatseke chitseko, achimwene."

Fatsani anamuyang'ana, n'kubweza kiyi m'thumba.

Pansi anapeza a Jafali akusoka kolala ya yunifomu ndi kuwala kotsala. Anangosuntha nsalu pa benchi kuti awiriwo akhale. Anakhala, msana uli ku kachitseko kobiriwira.

Pamwamba panalira mpando. Kenako matabwa a pansi, mapazi oyenda mosathamanga, kuchoka pa tebulo kupita pawindo, kuima, kubwerera. Kwii. Ndiyeno zii, kwa nthawi yaitali moti Fatsani anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Mpando unaliranso. Sitepe ya pamwamba inalira, kenako yotsatira.

"Musadzutse mitu," anatero a Jafali, maso ali pa singano.

Mwandida anayang'ana nsapato zake. Mapaziwo anatsika mpaka pansi. Kamphepo kanadutsa kumbuyo kwawo, kozizirira, konunkhira bulugamu, ndipo kanaima pang'ono kumsana kwake, pamene munthu amaima akamaona ntchito ya mwana pa sikirini.

"Mwapeza, bambo?" anafunsa a Jafali, osadzutsa mutu. Anapendeketsa khutu, nagwedeza mutu ngati ayankhidwa. "Chabwino. Muyende bwino."

Kachitseko kobiriwira, kamene masiku onse kamafuna kukankha ndi phewa, kanatsekeka pang'onopang'ono kuti khe.

Atakweranso anapeza kapu ili pa tebulo la malemu, yovundikira, mmene ankaiikira akaweruka. Kumene tiyi anapita palibe anafunsa. Mwandida anatsegula logi. Wogogoda uja anali atabwera. Pa bwalo anaperekezedwa, napeza. Ku nkhokwe anaperekezedwa, napeza. Kuchipinda, chimodzimodzi. Pa khonde anagogoda kamodzi kokha.

Anatsegula kafoda kaja. Munali fayilo imodzi.

"Mayo ine!" anatero Fatsani. "Tsegula, chemwali, timve!"

Mwandida anatseka laputopu. "Si athu mawuwo, achimwene."

Anathamangira basi. Njira yonse ya ku Chilomoni Mwandida anakumbatira chikwama chake ngati muli dzira, ndipo Fatsani analipira onse awiri osakangana ndi kondakitala, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Anafika chisisira chitagwa, nyumba zoyandikana zikuyatsa makandulo. A Nachisale anali pakhonde okha, manja pa miyendo, chitseko chili chotsegula kumbuyo kwawo.

"Amayi, tengani foni," anatero Mwandida. Sanayang'ane pansi ponena mawuwa.

Mayiwo analowa, ndipo kunamveka sutikesi ikutseguka. Anatuluka ndi kansalu kaja. Foni inali itatsala ndi moto pang'ono. Anakhala, anapukuta chala pa chitenje, nadina.

Panamveka kaphokoso ka mpweya, kenako kulira kwa mpando, kwii, kumene kunajambulika tsiku lijalo.

"Kuyesa, kuyesa. Nachisale, mukundimva? Ndichedwa pang'ono lero, koma ndikubwera. Musatseke chitseko."

"Ndamva, bambo," anayankha a Nachisale.

Fatsani anatembenukira ku mtengo wa mapeyala n'kumaupenyetsetsa ngati sanaonepo mtengo. A Nachisale sanalire. Anakhala atagwira foni pachifuwa, mutu utapendekera mbali imodzi.

"Mawu ndi omwe aja," anatero, "koma lero akumveka pafupi."

Anawakakamiza kuti alowe amwe kaye tiyi asanabwerere. Mwandida analowa pomaliza. Udzudzu unali utayamba, ndipo mphepo yochokera ku Michiru inkagwedeza katani. Anagwira chitseko mwachizolowezi, kenako anakumbukira, n'kuchisiya msangamsanga.

A Nachisale anali akuika makapu pa tebulo. Anaika anayi. Osacheuka, anati:

"Tseka, mwana wanga. Afika kale."